Buku la Msungichuma

Lachiwiri lililonse, belu lomaliza likalira,
timatsala asanu ndi awiri m'chipinda nambala 14
chonunkha choko ndi nsapato zonyowa.
Panja chipale chofewa chakwirira minda ya Nebraska
mpaka polekezera maso.

Wapampando wa kalabu ndi Dalton Kuchera.
Amamenya tebulo ndi kanyundo kamtengo
ngakhale palibe akulongolola.
Nyaruach ndi mlembi, salumpha kanthu:
chifuwa cha aphunzitsi athu, Mayi Havlicek,
chinalowa kawiri m'maminitsi.
Ine Itzel anandipatsa bokosi lachitsulo ndi kiyi wake
poti masamu sandiopsa
ndipo pa ndalama sindiseka.

Geni yathu ndi matamale,
ufa wachimanga wokulunga m'makoko, nyama pakati.
Timagulitsa pageti la bwalo la mpira Lachisanu usiku,
nthunzi ikutuluka mumphika ndi m'kamwa mwathu.
Amaumba ndi amayi anga.
Akaweruka ku fakitale ya nyama,
zala zitauma ndi mpeni wa tsiku lonse,
amaziviika m'madzi ofunda, n'kuyamba kukanda.
Ine pambali ndikulemba:
ufa, mafuta, tsabola, mapepala okulungira.
Pansi, mzere wofiira uwiri:
phindu, madola 612.

Mpikisano unali ku Omaha, mwezi wa Malichi.
Jekete ndinabwereka kwa msuweni,
manja ake kumeza zala zanga.
Tayi ya Dalton anamanga ndi dalaivala wa basi.
Oweruza atatu, matambula amadzi atatu,
mphindi zisanu ndi ziwiri zokha.
Tinalakatula zoloweza ngati pemphero la m'mawa:
msika, makasitomala, masomphenya,
ngakhale mawu amene ife eni sitiwamvetsa bwino.

Kenaka mayi wa magalasi otsetsereka pamphuno
anayendetsa chala patsamba langa, mzere ndi mzere.
"Wophikayo mumamulipira zingati?"

Zii.
Dalton anayang'ana ine.
Nyaruach anayang'ana nsapato zake.
Ndinati, "Ndi amayi anga."
Iye anati, "Sindinafunse kuti ndi ndani."

Tinakhala achinayi. Chikho ayi, pepala chabe.

Pobwerera ena anagona, mitu ikugunda mawindo.
Ndinayatsa tochi ya foni pamwamba pa buku.
Mausiku khumi ndi umodzi, maola anayi usiku uliwonse.
Ola limodzi madola khumi ndi anayi,
monga amalipira pa geti lathu wogulitsa matikiti.
Ndinachulukitsa. Ndinabwereza.
616.
Phindu lija lomwe ndinalitsekera mizere iwiri,
lomwe tinaliombera m'manja pa asembule,
linali msana wa munthu.

Basi inadutsa pa fakitale cha m'ma leveni,
magetsi ake oyera ngati chipatala,
anthu akutuluka mumzere, zipewa m'manja.
Sindinawaone amayi. Onse anafanana nawo.

Lachiwiri ndinakweza dzanja.
Dalton anati ulendo wa chilimwe ufera pomwepo.
Wina anati makolo salipidwa, ndi makolo basi.
Mayi Havlicek anangopinda manja, osatithandiza.
Tinavota: anayi kwa atatu.
Kanyundo kanalira kamodzi, mopanda mphamvu.
Nyaruach analemba zonse, ndi kutukwana komwe.

Envulopu ndinaiika patebulo la kukhitchini,
pakati pa mchere ndi mankhwala opaka m'manja.
Ndinkati akana. Ndinakonzeratu mawu owanyengerera.
Anapukuta zala pa epuloni,
kunyambita chala chachikulu,
kuwerenga kawiri, monga ndimachitira ine,
n'kukweza maso:
"Nanga anayi enawo?"

Tsamba lomaliza la chaka chino likuti:
m'bokosi, mulibe.
Ngongole, madola anayi, kwa Mayi Barragán.
Ndalemba ndi cholembera chosafufutika.
Pachisankho cha mawa ndikuimanso,
ndipo mtengo wa tamale ukwera.